Kani shiin ndi zii basi

Ndikulemba izi usiku womwe uno, 1 koloko yadutsa kale, chifukwa ndikadikira kuti kuche ndiyamba kudzikayikira kuti mwina palibe chimene ndamvetsa, inali khofi chabe. Miyezi isanu yathunthu ndakhala ndikulimbana ndi timabuku tiwiri tokha ta manga, nkhani za zithunzi za m'Chijapani, Solanin ya Inio Asano, timabuku toti mwana wa sekondale wa kuno ku Japan amatimaliza ali mu sitima asanafike n'kwawo komwe, ine miyezi isanu amwene, ndipo sabata ino m'pamene m'mutu mwangoti mbee. Mtima uli myaa moti ndikufuna ndiuze munthu, koma anzanga a mu labu ku yunivesite akagona, ndipo olo akanakhala maso sakanamva chimene chikundisangalatsa, pakuti nkhaniyi ikufuna munthu woti anakula akumva agogo ake akunena kuti mwana uja wangoti phee.

Za zilembo za hiragana ndi katakana sindikambapo, amene muli pa ulendo womwewu wophunzira Chijapani munadutsa kale pamenepo. Zoti manga timayambira kumanja n'kumapita kumanzere nazonso musandifunse. Ndili ndi chinthu chimodzi basi.

Mabukuwa ndinagula ku Book Off, shopu ya mabuku ogwiritsidwa kale ntchito, pa shelefu ya zotchipa ija ya 110 yen, mnzanga wina wa mu labu ndi amene anandinamiza, amvekere yamba ndi iyi ndi yophweka, mulibe zamatsenga, mulibe malupanga, ndi anthu wamba akungocheza m'nyumba. Zoti mulibe malupanga ananena zoona. Zophwekazo nde ayi. Solanin inkatuluka mu Weekly Young Sunday ya kampani ya Shogakukan mu 2005 ndi 2006, magazini ya anthu akuluakulu osati ya ana, nde kanji zambiri, zilembo zovuta zochokera ku Chitchaina, zimangobwera zosavala, popanda ka furigana, tizilembo tosonyeza katchulidwe, pambali, ndipo anthu ake amayankhula mmene achinyamata a ku Tokyo amayankhuliradi, mawu odula pakati, chau, jan, ssu, zinthu zoti m'buku la m'kalasi mudzachita kukalamba musanazione. Komabe zimenezo zili ndi mankhwala ake, kanji yosaidziwa umaijambula ndi chala pa foni n'kukuuza, mawu odulawo ukawaona kasanu umawazolowera. Chimene chinandifoola nkhongono ndi timawu tina tija, tina tolembedwa pamanja kunja kwa timabaluni ta zokamba, topindikapindika ngati wolembayo anali pa njinga, tina tobisala m'kati mwa ziganizo, timene eni ake amati giongo ndi gitaigo kapena kungoti onomatope.

Kaye ndinene nkhani yake kwa amene simunaiwerenge, ndipo ndiulula zina, pepani. Meiko Inoue anamaliza yunivesite, akugwira ntchito ya mu ofesi ku Tokyo, yoti siikumupatsa chilichonse kupatula malipiro. Amakhala ndi chibwenzi chake Naruo Taneda, amene amagwira maganyu ojambula zithunzi pa kampani ina, ndalama yake yosakwana n'lendi yomwe. Taneda ali ndi bandi yomwe anayamba ali ku koleji ndi anzake awiri, Kato wa besi gitala amene akungobwerezabwereza kalasi osamaliza sukulu, ndi Billy wa ng'oma amene amathandiza mu shopu ya mankhwala ya kwawo. Pali Ai, chibwenzi cha Kato, amene mwa onsewo ndi yekhayo amaoneka kuti mutu wake uli pamalo. Tsiku lina Meiko akungosiya ntchito, opanda pulani, akudalira tindalama tomwe anasunga, n'kuyamba kumukankha Taneda kuti za nyimbozi uzichite zenizeni osati zongokumana kawiri pamwezi kuti mukumbukire unyamata. Akujambula CD, akuitumiza ku makampani a nyimbo, yankho lomwe likubwera ndi loti akhale oyimbira kumbuyo kwa ka mtsikana kena kotchuka ndi zithunzi, akukana. Kenako Taneda akusowa masiku angapo, akuimba foni kuti akubwera, n'kuchita ngozi pa njinga yamoto, n'kumwalira. Buku lachiwiri ndi la otsalawo, makamaka Meiko amene akutenga gitala ya malemuyo n'kuyamba kuphunzira kuti akaimbe nyimbo yomwe Taneda analemba, Solanin. Dzinalo ndi la poizoni uja amakhala mu mbatatesi ikayamba kumera kapena ikabiriwira, amene munasungapo thumba la kachewere wa ku Tsangano mpaka kutulutsa timinyanga mukudziwa. Meiko kwawo amamutumizira makatoni a za kumunda, zina zimangomera zili pakona pomwepo.

Asano anabadwa mu 1980, nde ankajambula zimenezi ali wa msinkhu womwewo wa anthu akewa, ndipo zimaoneka. Inali nthawi imene Japan inkatuluka kumene mu zaka zimene amazitcha shuushoku hyougaki, nyengo ya chisanu cha ntchito, kuyambira cha mu 1993 mpaka cha mu 2005, makampani atachepetsa kulemba omaliza sukulu. Ndipo kuno dongosolo lake ndi lankhanza mwa mtundu wina: makampani akuluakulu amalemba ntchito ophunzira onse nthawi imodzi asanamalize n'komwe, onse atavala masuti akuda ofanana, n'kuyamba ntchito mu April, ukaphonya sitima imeneyo kapena ukatsika panjira ngati Meiko, kukweranso ndi kovuta. Otsalawo ndi amene amatchedwa furiitaa, okhalira maganyu.

Ine chimene chinandigwira pakhosi n'choti ndinakhalapo furiitaa ndisanadziwe mawuwo. Nditamaliza koleji kumudzi ndinatha zaka ziwiri ndikuzungulira Lilongwe ndi envelopu ya khaki, m'mawa kuvala bwino kuti aneba aziona ngati ukupita penapake, masana uli pa khonde la shopu ya mnzako kuthandiza kugulitsa mayunitsi. Nde nkhani ya bukuli ndinkaimva ndi m'mimba momwe. Koma mawu ake ankandikana. Ndimati ndikapeza ka mawu ngati daradara, ndipite pa dikishonale ya pa foni, indipatse Chingerezi cha mizere itatu, mawu asanu olekanitsidwa ndi makoma, limodzi likukamba za ulesi, lina za madzi otsika pang'onopang'ono, lina za msonkhano wosatha. Nde ine ndiloweze zonsezo? Ndinkaloweza ndithu. Ndinali ndi makadi pa Anki, pulogalamu yolowezera mawu, oposa 200 a timawu timeneti ndipo tsiku lililonse ndinkalakwa omwewomwewo, burabura ndi urouro ndi gorogoro zinkangosakanikirana ngati nyemba ndi nandolo. Choipitsitsa chinali shiin. Dikishonale ikuti ndi phokoso la kusowa kwa phokoso. Ndinakhala ndikuyang'ana tanthauzo limenelo n'kumati anthu awa ndi ozama bwanji, mpaka bata ali nalo ndi kaliridwe kake, ndinafika pomaganiza kuti ndi za Zen, Chibuda chawo chosinkhasinkha mwakachetechete, zoti mlendo sangazimve pokhapokha atakhala kuno zaka 20.

Lamlungu lapitali amayi anaimba pa WhatsApp. Kuno tili patsogolo ndi maola 7 nde iwo akamachoka ku tchalitchi ine ndimakhala ndikudya chamadzulo, makadi anga ndili nawo pa tebulo pomwepo. Tinakamba za mvula, za feteleza, za mwana wa achemwali amene wayamba kuyenda, kenako anangoti, "Iwe, chichokere mng'ono wako kupita ku sukulu m'nyumba muno mwangoti zii." Ine maso ali pa kadi yolembedwa shiin to suru. Ndinakhala kaye chete mpaka anafunsa ngati netiweki yadula. Ndimvekere amayi tabwerezani zomwe mwanenazo. Anabwereza akudabwa, mwina anaganiza kuti mwana wawo chisanu chamusokoneza mutu.

Mwangoti zii. Shiin to. Palibe Zen apa amwene, ndi mvekero. Mvekero womwe uja wa mu Fomu 2, wa pa mndandanda wa mitundu ya mawu, dzina, mlowam'malo, mfotokozi, mneni, muonjezi, mperekezi, mlumikizi, mfuwu, mvekero, umene tinkauloweza kuti tikhoze mayeso n'kuuiwala. Zii si phokoso la chinthu chilichonse, koma palibe Mmalawi anayamba wafunsapo kuti bata limalira bwanji. Timangodziwa. Ndipo tikafuna kuti batalo litalike timakoka, ziiii, iwonso amakoka ka mzere kaja, shiiiin, mpaka kudutsa chithunzi chonse.

Koma chimene chinandidzutsa pa mpando si kufanana kwa zii ndi shiin, zimenezo zikhoza kungochitika mwangozi. Ndi ka to kaja. Taganizani. Ife mvekero timaulowetsa m'chiganizo ndi mneni -ti: anangoti phee, kunja kwati mbee, chinagwa kuti khu. Ndipo -ti yemweyo ndi wa kunena, anati bwera, ndi yemweyonso wa ndikuganiza kuti. Tsono Chijapani: to iu, kunena kuti. To omou, kuganiza kuti. Shiin to, jitto, bootto, hotto, nikotto. Ndi ka to kamodzi komweko! Ka kunena. Zinenero ziwiri zoti sizinakumanepo, china cha ku Kasungu china cha ku Kanagawa, zonse zinagwirizana kuti chinthu chikakhala mwa mtundu winawake ndiye kuti chikunena, nyumba ikunena kuti zii, maso akunena kuti dwii. Miyezi isanu ndinkaona jitto miru ngati mawu awiri oti ndiwaloweze, pomwe ndi kuyang'ana kuti dwii basi. Hotto suru, dikishonale inkandipatsa chiganizo chonse cha mpumulo wobwera nkhawa ikatha, pomwe ndi mtima kuti myaa, womwe ndili nawo panopawu. Ndi pamene sagwiritsa to amagwiritsa suru, kuchita, ifenso timati kuchita kakasi, kapena timangoika -li, ali khuma, ali ndwii. Kubwereza nakonso ndi komweko, chinthu chikachitika kamodzi mawu amodzi, chikamapitirira umabwereza, pika ndi pikapika, ife wali ndi waliwali, phethi ndi phethiphethi.

Ndikubwerezanso chifukwa ine ndemwe sindikukhulupirira: vuto silinali Chijapani, vuto linali loti ndinkadutsira ku Chingerezi. Chingerezi chili ndi timawu ta phokoso towerengeka, ta galu kuuwa ndi chitseko kumenyeka, koma ta mmene munthu wakhalira, mmene mtima ukumvera, mmene kuwala kukugwera, chilibe ambiri, nde chimachita kufotokoza ndi chiganizo. Ine ndinkatenga mawu a Chijapani, n'kuwapititsa kwa munthu wosauka mvekero kuti andimasulire, pomwe kwathu nkhokwe ili tho. Zili ngati kupita ku Mzuzu kudzera ku Nsanje. Nditafufuza usiku womwewo ndinapeza kuti ngakhale mawu amene akatswiri a zinenero amagwiritsa ntchito, ideophone, amene anawapatsa tanthauzo lomwe aliyense amatchula ndi Clement Doke mu 1935, ndipo iye ankaphunzira zinenero zathu zomwezi za Bantu, Chilamba cha ku Zambia ndi Chizulu. Kutanthauza kuti anthu ophunzira akhala akudziwa kalekale kuti ife ndi Ajapani tili m'gulu limodzi pa nkhani imeneyi, ine ndekha ndi amene ndinalibe uthenga.

Nde njira yanga tsopano ndi iyi, ndipo ndikulumbira palibenso ina yoposa. Makadi a Anki aja ndafufuta onse. Ndagula kope la mizere, tsamba ndalipinda pakati, kumanzere Chijapani kumanja Chichewa, Chingerezi n'choletsedwa ngati mmene Chichewa chinkaletsedwera ku sukulu kwathu, kubweza moto. Dokidoki, mtima phaphapha. Nikoniko, mwetumwetu. Poroporo ya misozi ndinayamba ndalemba chuchuchu kenako ndinakonza chifukwa chuchuchu ndi yoyenderera pomwe poroporo imagwa m'madontho, komabe mukuona kuti ngakhale kulakwitsa kwake ndi kwa munthu amene ali pafupi. Buruburu, njenjenje. Barabara, balalabalala, iyi nde ndinaseka ndekha ngati wamisala chifukwa mpaka kamvekedwe kake. Bikkuri, dzidzimu. Shonbori, khuma kapena zyoli. Ndipo burabura, imene inkandizunza ija, imene amanena za munthu woyenda opanda kolowera komanso za munthu wongokhala opanda ntchito, ndi yakaliyakali, ndi ine ndemwe ndi envelopu yanga ya khaki pa Area 3, ndi Meiko m'masabata oyamba atasiya ntchito, masana dzuwa lili phwee anzake onse ali m'maofesi. Mawu amenewo sindidzawaiwalanso mpaka kumanda. Lamulo lachiwiri ndi loti ndikalemba ndiimirire ndichite ndi thupi, chifukwa mvekero suyenda wokha, agogo akamati anangoti gwa amaumitsa ndi mapewa omwe. Ndikasowa mawu a Chichewa ndimatumiza voisi pa gulu la abale, ndimvekere munthu akagona pansi osachita kanthu tsiku lonse mumati wangoti chani, nde kumabwera mayankho khumi ndi mkangano pamwamba, a malume akuti thasa, achemwali akuti ayi thasa ndi wokhala pansi, wogona ndi thapsa. Masiku anayi ndalemba mawu 63 ndipo nditadziyesa dzulo ndinalakwa anayi okha. Anayi! Pa Anki ndinkalakwa theka. Ine ndikuona kuti aliyense woyankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chibemba amene akuphunzira Chijapani ayambire pamenepa tsiku loyamba, asanaphunzire n'komwe kunena dzina lake, ndipo ndikanakhala ndi ndalama ndikanasindikiza kope langali.

Palinso kena kamene ndakagwira mochedwa. Chijapani chili ndi kalamulo koti timadontho tiwiri timene timasintha k kukhala g, t kukhala d, s kukhala z tikaikidwa pa chilembo, chinthu chimakula kapena kulemera kapena kuipa. Korokoro ndi kanthu kakang'ono kakugubuduzika, gorogoro ndi chimwala kapena bingu kapena bambo wamkulu akugubuduka pa mphasa Loweruka. Kirakira ndi kunyezimira kokoma, giragira ndi kothobwa m'maso. Tonton kugogoda mwaulemu, dondon kumenya chitseko. Sarasara kusalala, zarazara kukhakhala. Ife lamulo lolunjika chonchi sindinalionepo m'buku, koma khutu langa limandiuza kuti wogogoda kuti gogogo ndi wamphamvu kuposa wa kokoko, ndipo mapazi a didididi si a mwana. Mwina apa ndikukakamiza, ndikuvomera, munthu ukagula hamala yatsopano chilichonse umafuna uchikhome.

Chimene chikundipsetsa mtima ndi choti palibe anandiuza. Loweruka lililonse ndimapita ku kalasi ya ulere ya ku holo ya m'dera lathu, amatiphunzitsa ndi mayi ena achikulire odzipereka, munthu wabwino kwambiri, amatibweretsera ndi timabisiketi ta mpunga. Koma mwezi wa June nditawaonetsa bukuli n'kuwafunsa za timawuti anangomwetulira, amvekere aa onomatope ndi yovuta kwambiri kwa alendo, musadandaule nayo panopa, tiyeni timalize kaye keigo, mayankhulidwe aulemu. Kwa alendo. Alendo ake ati? M'kalasimo tilimo anthu a ku Vietnam, Nepal, mnyamata wa ku Korea amene chinenero chake nachonso chadzaza ndi mvekero, ndi ine, koma buku lomwe tikugwiritsa ntchito linalembedwa ngati mlendo aliyense pa dziko lapansi amaganiza m'Chingerezi. Onomatope ili pa tsamba limodzi, galu wanwan, mphaka nyaanyaa, mvula zaazaa, basi, pomwe pali dikishonale ya Shogakukan ya mawu amenewa okhaokha yokhala ndi mawu 4500. Ukapita kwa dokotala kuno amakufunsa kuti mutu ukupweteka zukizuki kapena gangan, m'mimba muli kirikiri kapena shikushiku, nde mundiuze kuti zimenezo ndidzaphunzire chaka chamawa, ndidwale kaye mwa keigo? Sindikuwanena mayiwa, iwo anaphunzitsidwa choncho. Komanso mkwiyo wina ndi wa kwa aphunzitsi anga a Chichewa a ku sekondale, amene mvekero ankauphunzitsa ngati chilango, tanthauzo pa bolodi, tsekani mzere kunsi kwa mvekero m'ziganizo zotsatirazi, mamalikisi asanu. Palibe tsiku anatiuza kuti ichi ndi chuma choti zinenero zina zilibe. Ndipo belu likalira, ukatuluka panja n'kunena kuti kunja kwati ng'aa, prefekiti akukulemba dzina chifukwa wayankhula Chichewa, mawa ukukatchetcha. Nde ndinakula ndikuganiza kuti mvekero ndi mayankhulidwe a kumudzi, a anthu osapita ku sukulu, munthu wophunzira amafotokoza ndi chiganizo chathunthu. Ndachita kuwoloka nyanja kuti ndidzaone pulofesa wa yunivesite akunena kuti deta yanga ili barabara pamaso pa anthu, atavala taye.

Ndi nthawi nayo. Maphunziro anga enieni ndi a Chingerezi, za Chijapanizi palibe amandipatsa malikisi, zemi, msonkhano wa mu labu wofotokoza pomwe kafukufuku wafika, ndi sabata iliyonse ndipo a pulofesa safuna kumva kuti sindinamalize ma graph chifukwa ndimafufuza kusiyana kwa thasa ndi thapsa. Madzulo atatu pa sabata ndimatsuka mbale ku baito, ganyu yanga, visa imalola maola 28 pa sabata koma thupi limalola ochepera. Solanin ndimawerenga mu sitima nditaimirira, dzanja lina pa chogwirira, masamba awiri atatu, pena tsamba limodzi lomwelo kuchokera kokwerera mpaka kotsikira. Mayeso a Chijapani a JLPT ndi Lamlungu loyamba la December, ndinalembetsa N3, gawo lapakati, ndipo ndikudziwa bwinobwino kuti mafunso a onomatope adzakhala awiri kapena atatu, pomwe galamala imene ndikuizemba ndi gawo lalikulu la pepala. Nde mwina mayi aja akunena zoona mwa njira yawo. Koma sinditha kusiya.

Tsono kuti ndisaname, kope langa layamba kale kuonetsa ming'alu. Lachiwiri ndinafuna kuyamikira a pulofesa ena kuti amakhala osekerera nthawi zonse, m'malo mwa nikoniko ndinati niyaniya, chifukwa m'kope zonse ziwiri ndinalemba mwetumwetu, kani niyaniya ndi kumwetulira kwa munthu amene akuganiza zoipa kapena akukuseka chamumtima. Mu labu munangoti shiin, ndinaimva bwino tsiku limenelo. Kenako pali moyamoya. Mawu amenewa ndi amene ndikuona kuti ndi mtima wa buku lonseli ngakhale sindikunena kuti alembedwa pa tsamba lakuti, ndi mmene Meiko ndi Taneda alili kuyambira pachiyambi, si chisoni, si mkwiyo, si mantha, ndi kankhungu kamene kali mumtima koti sukudziwa kuti chakuvuta n'chani, ntchito uli nayo, chibwenzi uli nacho, palibe wamwalira, koma china chake sichili bwino. Ndafunsa gulu lonse la abale. Kakasi ayi, ameneyo ndi wodzidzimuka. Khuma ayi, ameneyo amadziwa chomwe chamukhumudwitsa. Ndwii ndi wokwiya. Mtima suli m'malo ndi chiganizo, si mvekero, komanso ndi wa nkhawa. Kumanja kwa tsamba pa moyamoya mpaka pano pali mpata. Msuweni wanga anayankha kuti kwathu kulibe mawu amenewo chifukwa munthu wa ntchito ya mu ofesi sangasiye dala, amenewo ndi matenda a anthu okhuta. Ndinaseka koma zinandikhudza, chifukwa nanenso powerenga buku loyamba pena ndinkamukwiyira Meiko, iwe ntchito ya malipiro a mwezi ndi mwezi ukuitaya, ukudziwa anthu angati akuyenda ndi khaki? Komano ndikakumbukira bwino, chaka chomwe ndinadzapeza ntchito ija, ndili pa desiki yanga ndi kompyuta yanga, amayi akuuza mpingo wonse, kankhungu kameneko ndinali nako, kungoti ndinalibe dzina loti ndikatchule nde ndinkangoti ndatopa.

Ndi china chimene njira yanga siyingathandize n'komwe. Asano amadziwika kuti malo a m'zithunzi zake amawatenga ku zithunzi zenizeni zojambula ndi kamera n'kuzikonza pa kompyuta, nde mumapezeka mafelemu oti mulibe munthu, mulibe mawu, thambo, mawaya a magetsi, mtsinje, khonde la nyumba. Mwezi watha ndinakwera sitima ya Odakyu mpaka pa Izumi-Tamagawa, dera lomwe nkhaniyi imachitikira, ndinakakhala m'mbali mwa mtsinje wa Tama pomwe anthu amaseweretsa agalu, sitima ikudutsa pa mlatho, ndipo ndi momwemo ndithu. Mu buku lachiwiri, Taneda atapita, mafelemu otere ndi amene amalemera kwambiri, ndipo malo amene ine ndinkayembekeza kuti pano nde alemba shiin wamkulu, nthawi zambiri salemba kanthu. Ndiye ndaphunzira kuwerenga zii wa Chijapani kenako n'kupeza kuti pamene pali zii weniweni wolembayo amausiya osaulemba. Kope langa pamenepo lilibe ntchito.

Ndatsala ndi mitu inayi kuti ndimalize. Ndikudziwa kale kuti Meiko akaimba, ndikudziwanso kuti nyimboyo poyamba amaimva ngati ya kutsanzikana kwa chibwenzi kenako amayamba kuiona ngati munthu akutsanzikana ndi mmene analili kale, mnzanga wa mu labu anaulula kalekale. Filimu yake ya 2010 ija, imene anasewera Aoi Miyazaki, yomwe nyimbo yake anaimba a bandi ya Asian Kung-Fu Generation, ndadziletsa mpaka nditseke tsamba lomaliza, buku lomasuliridwa m'Chingerezi ndi kampani ya Viz mu 2008 nalo sindikufuna ndilione n'komwe, mukudziwa chifukwa chake. Ndamva kuti kope la 2017 lili ndi mutu wowonjezera wa zaka zambiri pambuyo pake, langa la 110 yen lilibe, kaya ndidzagula kaya ndisiye anthuwa pomwe ali.

Chimene sindikudziwa n'choti kodi ndikumvadi Chijapani kapena ndikungomva Chichewa chovala kimono. Ndikawerenga shonbori n'kuona munthu ali khuma pa khonde la kwathu, kodi ndi chithunzi chomwe Mjapani amaona, kapena ndangosintha womasulira, ndachotsa Mngerezi n'kuikapo agogo anga? Ya niyaniya ija yandiopsa pang'ono. Mwina pakatha miyezi ingapo ndidzafunika kutayanso mbali ya kumanja ya kope ngati mmene ndatayira Anki, mawuwo aime okha. Kapena mwina munthu sufika pamenepo, umangokhala ndi womasulira amene amanama pang'ono kusiyana ndi mnzake. Kaya. Amene muli ndi mvekero wa moyamoya, olo wa Chitumbuka kapena Chisena, tandiponyereni, mpata uja ukadali pomwepo ndipo mawa 9 koloko ndili ndi zemi yoti sindinakonzekere.